Makanema Oulula "Zinsinsi" ndi Uzimu wa New Age: Mpingo Ukuti Chiyani?

Pa WhatsApp, TikTok ndi YouTube pamayenda tizidutswa ta makanema timene timayamba ndi lonjezo limodzi: pali zimene akuluakulu a dziko ndi a mipingo akhala akubisira anthu, ndipo lero ziululika. Kamodzi mwa tizidutswa timene takhalitsa kamanena kuti Yesu sanakhaleko, kuti mbiri yake inakopedwa kwa Horus, mulungu wa anthu akale a ku Egypt, ndi kuti Akhristu amapembedza dzuwa mosadziwa. Ambiri amene amakatumiza sadziwa kumene kanachokera. Kanadulidwa ku filimu yotchedwa Zeitgeist: The Movie, imene Peter Joseph wa ku America anaiika pa intaneti mu 2007. Mafilimu ambiri a mtundu umenewu amene anabwera pambuyo amangobwereza zimene iyo inanena, n'chifukwa chake phunziro la sabata ino layambira pamenepo.

Filimuyi ndi ya maola pafupifupi awiri ndipo ili ndi zigawo zitatu. Choyamba chimati Chikhristu ndi nthano ya dzuwa ndi nyenyezi imene anthu anaiveka thupi. Chachiwiri chimati kugwetsedwa kwa nyumba zosanja za World Trade Center ku New York pa 11 September 2001 kunakonzedwa ndi anthu a m'boma la America lomwelo. Chachitatu chimati kagulu ka eni mabanki ndiko kamayambitsa nkhondo, ndipo kakukonza boma limodzi la dziko lonse, limene lidzaike kachipangizo m'thupi la munthu aliyense kuti lizimulondola. Kuyambira pa chipembedzo si kwangozi. Munthu akangovomera kuti makolo ake, aphunzitsi ake ndi wansembe wake anamunamiza pa za Mulungu, zotsalazo amangomeza osatafuna.

Kodi nkhani ya Horus ili ndi umboni?

Filimu imati Horus anabadwa pa 25 December kwa namwali, mafumu atatu anadzamuona, anabatizidwa ali ndi zaka 30, anali ndi ophunzira 12, anapachikidwa, nauka patapita masiku atatu. Akatswiri amene amawerenga zolemba zakale za ku Egypt sanapezemo nkhani yotere. Zimene zilimo n'zakuti Horus ndi mwana wa Isis ndi mwamuna wake Osiris. Osiris anaphedwa ndi mbale wake Set, mtembo wake unadulidwa nthulinthuli, Isis anasonkhanitsa ziwalozo ndipo anatenga pathupi pa mwamuna wakeyo. Mulibe unamwali, mulibe mtanda, mulibe ophunzira 12. Mithras, amene filimu imati nayenso anabadwa kwa namwali, zosema za Aroma zimamuonetsa akutuluka m'thanthwe. Krishna wa ku India anali ndi abale obadwa iye asanabadwe mwa mayi ake Devaki, ndipo anafa atalasidwa muvi kuphazi ndi mlenje.

Chodabwitsa china n'chakuti zina zimene filimu imafananitsa sizipezeka ndi mu Mthenga Wabwino momwe. Palibe mlaliki amene analemba tsiku limene Yesu anabadwa. Umboni wakale wa chaka cha pa 25 December uli m'kalendala ya ku Roma ya mu 354. Mateyo Woyera, m'mutu wachiwiri, satchula chiwerengero cha akatswiri a nyenyezi aja, ndipo sawatchula kuti mafumu. Anthu anadzawerenga atatu chifukwa mphatso zinali zitatu. Filimu imatinso dzuwa "limafa" masiku atatu kuyambira pa 22 December, ndiye kuti kuuka kwa Yesu kunachokera pamenepo. Koma Yesu anafa ndi kuuka pa nyengo ya Pasaka, cha m'ma March kapena April. Ndipo kuno kumwera kwa dziko, December ndiye mwezi wa usana wautali. Dzuwa lofookalo n'la ku Ulaya. Pali ndi kuseweretsa mawu kumene kumakopa achinyamata odziwa Chingerezi: sun ndi son amamveka chimodzimodzi. M'Chichewa, dzuwa ndi mwana n'zotalikirana. M'Chilatini ndi sol ndi filius, m'Chihebri ndi shemesh ndi ben. Nthawi ya atumwi chilankhulo cha Chingerezi kunalibe.

Mfundo zimenezi Peter Joseph sanazifukule ku Egypt. Anazitenga makamaka kwa Gerald Massey, wolemba ndakatulo wa ku England amene anamwalira mu 1907, ndi kwa D. M. Murdock, wodziwika ndi dzina loti Acharya S, amene analemba buku la The Christ Conspiracy mu 1999. Mbali inayo kuli mboni zakale zimene sizinali ndi chifukwa chokondera Mpingo. Tacitus, wolemba mbiri wa ku Roma amene ankanyansidwa ndi Akhristu, analemba cha m'ma 116 kuti Khristu anaphedwa ndi Ponsio Pilato mu ulamuliro wa Tiberius. Josephus, Myuda, cha m'ma 93 anatchula za kuphedwa kwa Yakobo, mbale wa Yesu. Paulo Woyera, polembera Agalatiya patangopita zaka ngati 20 Yesu atafa, akuti anakhala ndi Petro masiku 15 ku Yerusalemu ndipo anaonananso ndi Yakobo (Agalatiya 1:18-19). Ngakhale Bart Ehrman, katswiri wa Chipangano Chatsopano amene anasiya kukhulupirira, analemba buku lathunthu mu 2012 potsutsa onena kuti Yesu sanakhaleko.

Chimene chikulowa m'malo mwa Yesu

Kuwongola mfundo zolakwika n'kofunika, koma nkhani yaikulu siili pamenepo. Mafilimu amenewa akachotsa Yesu sasiya mpando wopanda munthu. Amakhazikapo chiphunzitso china, ndipo chimenecho ndicho wopenya amatsala nacho ataiwala mayina a Horus ndi Mithras.

Zeitgeist imaphunzitsa kuti mbiri ya dziko imayenda m'nyengo za nyenyezi, iliyonse ya zaka pafupifupi 2,150. Imati Mose ndi chizindikiro cha nyengo ya Nkhosa, Yesu ndi cha nyengo ya Nsomba, ndipo kutsogoloku kukubwera nyengo ya Aquarius, amene amajambulidwa ngati munthu wonyamula mtsuko wa madzi. Imafika mpaka ponena kuti munthu wosenza mtsuko amene Yesu anauza ophunzira kuti amutsatire pokakonza Pasaka (Luka 22:10) ndiye Aquarius ameneyo. Tanthauzo lake n'lakuti Yesu ndi wa nyengo imene ikutha. Koma Akhristu oyamba ankajambula nsomba pa chifukwa chodziwika: m'Chigriki, zilembo za mawu oti nsomba ndizo zilembo zoyamba za mawu onena kuti Yesu Khristu ndi Mwana wa Mulungu ndi Mpulumutsi.

Ganizo la nyengo ya Aquarius ndilo msana wa uzimu wotchedwa New Age, kutanthauza Nyengo Yatsopano. Mizu yake ili m'bungwe la Theosophical Society limene Helena Blavatsky ndi anzake anayambitsa ku New York mu 1875, ndi m'mabuku a Alice Bailey. Marilyn Ferguson anaufalitsa kwambiri ndi buku lake la mu 1980, The Aquarian Conspiracy. Peter Joseph sadzitcha mlaliki wa uzimu uliwonse, ndipo kumunenera chilungamo n'kofunika. Komabe filimu yake yachiwiri, Zeitgeist: Addendum ya mu 2008, imayamba ndi kutha ndi mawu a Jiddu Krishnamurti, Mmwenye amene a Theosophical Society anamulera kuti adzakhale mphunzitsi wa dziko lonse, ngakhale iye anadzakana udindowo mu 1929. Filimu ina, Thrive ya mu 2011, ya Foster Gamble, imaphatikiza poyera nkhani ya mabanja olemera olamulira dziko ndi chiphunzitso cha mphamvu imodzi yoyenda m'chilengedwe chonse. Ndipo pali David Icke, amene anali mtolankhani wa zamasewero ku BBC. Mu 1991 anadzitcha mwana wa Umulungu pa wailesi ya kanema, ndipo pofika 1999 anali kulemba kuti dziko likulamulidwa ndi zamoyo zonga abuluzi zovala matupi a anthu. N'zoseketsa, koma holo zimadzaza iye akamalankhula.

Mu 2011 akatswiri awiri, Charlotte Ward ndi David Voas, anapatsa ukwati umenewu dzina loti conspirituality. Anati uli ndi zikhulupiriro ziwiri: kuti kagulu kobisika kakulamulira dziko, ndi kuti anthu atsala pang'ono kudzuka m'maganizo, ndipo kudzukako ndiko kudzagonjetse kaguluko. Choyamba chimaopseza, chachiwiri chimatonthoza. Wopenya amalandira matenda ndi mankhwala m'paketi imodzi.

Yankho la Mpingo

Pa 3 February 2003 nthambi ziwiri za ku Vatican, yoona za chikhalidwe ndi yoona za kukambirana ndi zipembedzo zina, zinatulutsa chikalata chotchedwa Jesus Christ, the Bearer of the Water of Life. Anachipereka ndi Kadinala Paul Poupard ndi Arkiepiskopi Michael Fitzgerald, wa chipani cha White Fathers chomwe chija chinatsegula Mua ndi Likuni. Mutu wake ndi yankho kale: ngati anthu akudikira wonyamula madzi, anabwera kale, ndipo anakhala pa chitsime cha Yakobo.

Chikalatachi chimaonetsa kuti mawu angafanane koma zonenedwa n'zosiyana. New Age ikati "mulungu" imatanthauza mphamvu yopanda nkhope imene ili m'zonse, ndipo munthu ndi kachigawo kake. Mphamvu yotere munthu sangaipemphe chikhululukiro, ndipo siingamuitane ndi dzina. Mkhristu amapemphera kwa Atate amene analenga dziko, amene ali pafupi ndi zolengedwa zake koma sali chimodzi ndi izo. Ikati "Khristu" imatanthauza msinkhu wa maganizo umene Yesu, Buddha ndi ena anafikapo, umene aliyense angafikepo akadziwa njira. Mpingo umati Khristu ndi mmodzi, Yesu wa ku Nazarete, wobadwa mwa Virigo Maria, amene anamva njala nakhetsa magazi enieni.

Kusiyana kwakukulu kuli pa tchimo ndi chipulumutso. M'mafilimu amenewa vuto la munthu ndi umbuli, osati tchimo: ali m'tulo, anamugoneka ndi "iwo". Choipa chonse chili kunja, mwa eni mabanki, andale ndi ansembe, ndipo wopenya alibe cholapa. Chimene akusowa ndi kudziwa basi, ndipo akadziwa amalowa m'gulu la "odzuka", ena onse n'kukhala nkhosa. N'chiphunzitso chokoma m'makutu chifukwa chimamuchotsera munthu mlandu n'kumupatsa ulemerero. Ambuye Yesu anaphunzitsa zosiyana: zoipitsa munthu zimachokera mumtima mwake (Marko 7:21-23), mtima wa wolemera ndi wa wosauka yemwe. Misa imayamba ndi aliyense kudzigunda pachifuwa pake, osati pa chifuwa cha mnzake. Ndipo chipulumutso ndi chaulere cha Mulungu. Agogo amene sanapite kusukulu amachilandira pa guwa lomwelo ndi mphunzitsi wa ku yunivesite.

Chiphunzitso chopulumuka ndi nzeru zobisika si chatsopano. M'zaka za m'ma 100 kunali magulu otchedwa Agnostiki, kuchokera ku mawu a Chigriki otanthauza kudziwa, amene ankati Yesu anasiyira anthu ochepa chinsinsi chimene Akhristu wamba sachidziwa. Irenaeus Woyera, episkopi wa ku Lyon, anawayankha cha m'ma 180. Anati atumwi akanakhala ndi chiphunzitso chamseri akanachipereka kwa anthu amene anawasiyira mipingo, ndipo anandandalika mayina a maepiskopi a ku Roma kuyambira kwa atumwi kuti aliyense afufuze yekha zimene zakhala zikuphunzitsidwa poyera. Yesu mwini, pamaso pa mkulu wa ansembe, anati ankaphunzitsa m'masunagoge ndi m'Nyumba ya Mulungu, osati mobisa (Yohane 18:20). Papa John Paul II mu 1994 anati New Age ndi chiphunzitso chakale chomwechi chitavala malaya atsopano, ndipo Papa Francis anachenjezanso za icho m'kalata yake ya mu 2018, Gaudete et Exsultate.

Ndipo ndi chakale kuposa Agnostiki. Pa Genesis 3:1-5 njoka ikuuza mayi uja zinthu zitatu: Mulungu akukubisirani kanthu, mukadya maso anu atseguka, ndipo mudzafanana naye. Wina atati afupikitse Zeitgeist ndi Thrive m'ziganizo zitatu, sangapite patali ndi zimenezi.

Kodi ndiye kuti palibe zobisika?

Zilipo, ndipo Mkhristu sayenera kukhala wongovomera zilizonse. Amalawi sanaiwale Cashgate ya mu 2013, pamene ndalama za boma zinabedwa ndi anthu ogwirizana mwamseri. Mpingo nawo uli ndi manyazi ake: mu 2002 nyuzipepala ya Boston Globe inaulula momwe akuluakulu ena a Mpingo ku America anabisira milandu ya ansembe ozunza ana. Mnyamata amene amati akuluakulu amanama sakulota. Koma zimenezi zinaululika ndi makalata, mabuku a ndalama, mboni zotchula mayina awo, ndi makhoti. Pa 8 March 1992, pamene kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika m'Malawi, inanena poyera za umphawi, malipiro ochepa ndi kutsekedwa kwa anthu popanda mlandu, ndipo maepiskopiwo anasainira ndi mayina awo, podziwa chimene chingawagwere. Filimu ya zinsinsi imayenda mwina. Umboni ukapezeka, ndiye umboni. Ukasowa, ndiye kuti "iwo" aubisa, ndipo kusowako kumasanduka umboni. Wotsutsa aliyense ndi wogulidwa kapena wogona. Mfundo imene palibe chingaigwetse si yolimba, yangotsekedwa zitseko.

Funso loti "iwo" ndi ndani nalonso lili ndi mbiri yowawa. Nthano ya kagulu ka eni mabanki olamulira dziko inakula ndi buku labodza la The Protocols of the Elders of Zion, limene linatuluka ku Russia mu 1903 n'kunamizira Ayuda. Nyuzipepala ya The Times ya ku London inaonetsa mu 1921 kuti n'lopeka, koma chipani cha Nazi chinaligwiritsabe ntchito, ndipo David Icke analitchulanso m'mabuku ake a m'ma 1990. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Nostra Aetate cha mu 1965, unadzudzula chidani chilichonse pa Ayuda. Kunonso mantha a mdani wosaoneka anaphapo anthu: mu 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo zinaphetsa anthu amene panalibe umboni uliwonse wowatsutsa.

Msampha wa Akhristu eniake

Pali makanema enanso amene amati akuteteza Chikhristu ku New Age, koma amagwiritsa ntchito chida chomwecho. Amaona Illuminati mwa woimba aliyense wophimba diso limodzi, 666 pa katundu wa m'sitolo, chizindikiro cha chilombo mu katemera. Kalembedwe kameneka kanatchuka ku America ndi buku la Constance Cumbey la mu 1983, The Hidden Dangers of the Rainbow, limene linati New Age ndi chiwembu chimodzi chokonzera njira Wokana Khristu. Gulu lenileni la Illuminati linayambitsidwa ndi Adam Weishaupt ku Bavaria mu 1776, ndipo boma linalithetsa pofika 1785. Mkatolika wotumiza makanema otere angachite bwino kuwaonera mpaka kumapeto, pakuti ambiri amamaliza ndi kunena kuti mutu wa chiwembucho ndi Papa.

Vuto lawo ndi lomwe lija: nzeru zobisika za anthu ochepa, choipa chimene chili mwa ena okhaokha, ndi Satana wokulitsidwa mpaka kuoneka ngati wofanana mphamvu ndi Mulungu. Mpingo sukana kuti Satana alipo, ndipo Katekisimu pa nambala 2116 amaletsa kudalira nyenyezi, maula ndi obwebweta. Koma Katekisimu yemweyo, pa nambala 2477 ndi 2478, amati kukhulupirira choipa cha munthu popanda maziko okwanira ndi tchimo lotsutsa lamulo lachisanu ndi chitatu. Kutumiza ku gulu la mphakati kanema wonena kuti uje ndi wa Satana ndi umboni wonama, ngakhale wotumizayo atawonjezera "Amen" kumapeto. Chikalata cha mu 2003 chija sichinafotokoze New Age ngati bungwe lokhala ndi likulu ndi mtsogoleri, koma ngati maganizo owanda amene amalowa m'mabuku, m'nyimbo ndi m'maphunziro a zaumoyo, ndipo chinapempha Akhristu kuzindikira, osati kunjenjemera.

Chinavomerezanso chinthu chovuta kumva: ambiri amapita ku New Age chifukwa ali ndi ludzu limene sanalipezere madzi m'mipingo yawo. Wophunzira wa ku koleji amene katekisimu wake anathera pa Ulimbitso, akamva koyamba za Horus pa foni, amaona ngati Mpingo unamubisira. Akafunsa kunyumba n'kuyankhidwa kuti asiye mwano, filimu ija yapambana. Petro Woyera akufuna kuti Mkhristu akhale wokonzeka kufotokoza chiyembekezo chake, mofatsa ndi mwaulemu (1 Petro 3:15-16). Kholo kapena mtsogoleri wa achinyamata angathe kukhala naye pansi, kuonera limodzi kachidutswako, n'kufunsa kuti mfundoyo inalembedwa m'cholemba chakale chiti, chaka chanji, ndipo ndani anachiwerenga m'chilankhulo chake. Pa Horus mafunso amenewa amakwanira. Pa ludzu lija pamafunika zina, ndipo Mpingo uli nazo: kupembedza Ukaristia mwakachetechete, kusinkhasinkha Malembo Oyera, korona yopemphera mosathamanga, mabindikiro, ndi zolemba za Teresa Woyera wa ku Avila kapena Ignatius wa ku Loyola, zimene achinyamata ambiri a m'parishi sanauzidwepo kuti ziliko.

Pa Yohane 4, ndime imene chikalata chija chinatengapo mutu wake, Yesu sakuyamba ndi kudzudzula mayi wa ku Samariya pa chipembedzo chake chosakaniza. Akumupempha madzi. Akumulola kufunsa za phiri ndi za Yerusalemu, ndipo akumuyankha. Koma chobisika chimene akuulula si cha Aroma kapena cha akulu a ansembe. Ndi cha moyo wa mayiyo, amuna asanu ndi wachisanu ndi chimodzi amene sanali wake. Mayiyo sanasunge zimene anamvazo ngati chuma cha odzuka okha. Anasiya mtsuko, nakaitana mudzi wonse.

Chikalata cha Jesus Christ, the Bearer of the Water of Life chikupezeka kwaulere pa tsamba la intaneti la Vatican, m'Chingerezi. Gawo lachinayi lili ndi mafunso ofananitsa New Age ndi chikhulupiriro cha Chikhristu, pa za Mulungu, Yesu, pemphero, tchimo ndi masautso. Miphakati ndi magulu a achinyamata angathe kutengako funso limodzi pa msonkhano uliwonse.